Paipi za a Mfaume

M'nyengo yozizira ya chaka cha 1987, mwezi wa Juni, a Mfaume anali kalipentala wa zitseko ndi mipando kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Makolo awo anachokera ku Namwera, ku Malawi, ndipo bambo awo anakalambira pa makina osokera pakhonde la sitolo ina ku Kamwala. Kunyumba ndi kumzikiti ankatchedwa Che Mfaume, koma mumsewu anali ba Mfaume. Akazi awo, a Hadiya, ankakazinga masamusa n'kumagulitsa pageti.

M'mawa wina wa mwezi umenewo kunabwera a Saul, mwini wa gulu loimba kalindula m'mabala ndi pa maukwati, atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje ngati khanda. Inali sipika yopanda bokosi, yogula kwa dalaivala wa lole, popeza zaka zimenezo m'masitolo munalibe kanthu.

"Ba Mfaume, shani? Nipangileniko nyumba ya aka kamwana."

"Nyumba yotani?"

"Bokosi chabe. Monga kabati, koma musaikemo mashelufu."

Bokosi loyambalo a Mfaume analitseka mbali zonse, molimba ngati la chuma. Litalumikizidwa, besi inamveka ngati munthu woimba atatsekeredwa m'bafa. A Saul anati kuhotela ina m'tauni anaona mabokosi okhala ndi bowo kutsogolo. A Mfaume anaboola bowo, ndipo bokosi linayamba kugunda ngati mgolo wopanda madzi, mawu amodzimodzi pa nyimbo iliyonse. Atatopa nalo, anatola chidutswa cha paipi ya madzi oipa chimene pulambala anasiya pampanda, nachilowetsa m'bowomo. Mawu anatsika pansi, nakhazikika. A Saul anavina pa utuchi. A Mfaume sanavine, anangoima n'kumayang'ana paipiyo, ndipo nyengo yonse yozizirayo inatha akudula mapaipi, zitseko za anthu zitatsamira khoma.

Zimene anaphunzira m'miyezi imeneyo ndi zimene anadyera moyo wawo wonse. Paipi yopapatiza imakhutira ndi kufupika, ndipo imalowa m'bokosi lililonse. Koma nyimbo ikakwezedwa, mpweya umapanikizana potuluka, bokosi n'kumapuma mwaphokoso kapena kuimba mluzu pamwamba pa besi. Paipi yotakata imapuma mwaufulu, koma kuti igwire mawu apansi omwewo iyenera kutalika, ndipo bokosi lili ndi msana, paipi singapitirire pamenepo. Ukaikulitsa osaitalikitsa, bokosi limagunda mwachabe, pepala lakuda la sipika limakupiza lopanda choligwira, mpaka ling'ambike kapena waya wake apse. Ntchito yonse inali kupeza paipi yotakata mokwanira kuti isapume, imene ingakwanebe m'bokosi.

Utali wa paipi ankaupeza ndi mpunga. Ankagoneka bokosi chagada, n'kuwaza timbewu ta mpunga pa pepala la sipika, woimba besi wa a Saul n'kumakhudza chingwe chachikulu cha besi yake. Mpunga unkadumpha ngati uli m'chiwaya. A Mfaume ankatulutsa paipi, kudulako pang'ono, kubwezera, kufikira mpunga utagona phee pamene mphepo ya m'paipi ikuwomba mwamphamvu pa dzanja. Pambuyo pake anagula kakiyibodi kakale, n'kumatsindika kiyi wapansi ndi mwala. Koma kutakata kwa paipi, kaya ikhale ya mainchi awiri, atatu kapena anayi, mpunga sunkanenapo kanthu. Pamenepo pankafunika khutu.

"Mpunga wa ku Nakonde umenewo," ankatero a Hadiya akaona dzanja la amuna awo m'thumba. "Bokosi lanulo lidye mphale."

"Mphale siidumpha bwino, amake Alia."

"Ndiye madzulo mudzadye nyimbo."

Alia, mwana wawo yekhayo, anabadwa pa 3 Febuluwale 1989, ndipo anakulira m'phokoso limenelo. Poyamba makasitomala anali a mabala. Kenaka kunabwera a maminibasi, ofuna bokosi lolowa pansi pa mpando wakumbuyo. Kenakanso mipingo yatsopano yopempherera m'makalasi a sukulu, ndi amayi okonza maphwando a akwati ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Onsewo ankafuna chinthu chimodzi: bowo lalikulu, poti bowo lalikulu ndiye mawu aakulu. A Mfaume ankafotokoza za utali wa paipi mpaka pakamwa kuuma, kasitomala n'kuvomera, n'kumaliza ndi kuti, "Koma mukulitseko pang'ono, mudala." Shehe wa kumzikiti anawafunsapo za mabokosi a m'mabala. Iwo anayankha kuti amapanga matabwa, nyimbo ndi za eni ake. Shehe sanakhutire, koma sanabwerezenso.

Makutu anayamba kuchoka mwakachetechete. Choyamba kusowa zinali mbalame za mu mtengo wa mapeyala. Kenaka ketulo inaleka kulira, foni nayo inayamba kungowala. Mu Okutobala 2011 Alia, amene tsopano anali namwino, anawakokera kuchipatala, ndipo kumeneko anauzidwa kuti mawu ang'onoang'ono apamwamba anapita ndipo sadzabwerera. Besi ankaimvabe, kwambiri m'chifuwa ndi m'mapazi. Koma kupuma kwa paipi ndi mluzu wake zimakhala pamwamba, kumene kwa iwo kunali kutada kale.

Sanauze kasitomala aliyense. Patapita milungu ingapo, akuyesa bokosi la mpingo wina, anaona a Hadiya pakhonde akuwakodola ndi mpeni wodulira anyezi.

"Likupuma."

"Chiyani?"

"Bokosi lanulo. Likupuma ngati amalume anu a mphumu aja akamakwera chitunda."

A Mfaume anapsa mtima. Anati mkazi wa masamusa adziwa chiyani za mapaipi. A Hadiya anapitiriza kudula anyezi. Dzuwa litapendeka, a Mfaume anachotsa paipi ya mainchi atatu, naika ya anayi yopinda ndi chigongono, nawazanso mpunga, nakweza nyimbo, nayang'ana kukhonde.

"Litengeni," anatero a Hadiya, osadzutsa mutu.

Kuyambira pamenepo palibe bokosi linatuluka pageti a Hadiya asanalimve. Ankakhala pa mpando wawo wachitsulo pakhonde, beseni pamiyendo, ndipo makasitomala ankaganiza kuti mayiwo akungopinda masamusa. Mawu awo anali atatu okha: likupuma, likuimba mluzu, litengeni. Sanayamikepo bokosi ngakhale limodzi. Nthawi zina ankabweza bokosi katatu, a Mfaume n'kumalalata okha m'shedi, kuti mkazi uyu anabadwira kudzawazunza. Koma zaka khumi zimenezo ndi zimene dzina lawo linafika kutali koposa, mpaka ku Emmasdale ndi ku Kaunda Square.

A Hadiya anamwalira Lachitatu pa 9 Malichi 2022, atadwala mlungu umodzi, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo. Alia, amene anali atakwatiwa ku Chipata, anakhala mpaka sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi. Pomanga katundu wake anagwada pafupi ndi bambo ake, nalankhulira kukhutu lamanzere, limene linali bwinoko.

"Ababa, tiyeni kwathu. Chipinda chilipo. Muno mukhala ndi ndani?"

"Manja alipo. Ndikadzalephera kusankha paipi, ndidzabwera ndekha."

Anabwerera m'shedi. Koma masipika anali atasintha. Amalonda a ku Kamwala tsopano ankabweretsa aakulu ngati thayala, ndi maampulifaya amphamvu zoti m'masiku a kalindula palibe anazilota. Masipika otere amakankha mpweya wambiri, ndipo paipi imene kale inali yokwanira inayamba kuchepa. Eni ake nawo ankafuna mabokosi aang'ono, olowa kumbuyo kwa galimoto. A Mfaume ankadziwa kuti akuyenda m'mphepete mwa dzenje. N'chifukwa chake ankafunsa.

Woyamba kufunsidwa anali Given, mwana wa a Saul, bambo wa ana atatu, amene anali atatenga ntchito yobwereketsa zoimbira pa maukwati. Anaitanitsa mabokosi awiri, ndipo anabwera ndi muyeso wa kumbuyo kwa galimoto yake. Paipi ya mainchi anayi sikanakwana utali wake m'menemo, choncho a Mfaume anaika ya atatu. Mpunga unagona bwino. Anakweza nyimbo mpaka malata a shedi ananjenjemera.

"Given, tamvetsera pabowopo. Ukumva kupuma? Kapena mluzu?"

Given anawerama, namvetsera. Anaweramuka, nayang'ana mpando wachitsulo pakhonde, nadzikanda m'khosi.

"Ili che bwino, ba ankolo."

"Usandiope. Nena."

"Ili bwino maningi."

Abusa a ku Kaunda Square anatero. Wa maminibasi anatero. Mayi wa maphwando wa ku Woodlands anawomba m'manja mwaulemu, nati manja a mudala sakalamba. A Mfaume ankawayang'ana pakamwa, poti tsopano ankamva ndi maso, ndipo pakamwa ponse pankatuluka mawu amodzi. Anayamba kukhulupirira kuti mwina zaka zonsezi zinawalowa m'zala. Makasitomala atayamba kuchepa, anati ndi mabokosi apulasitiki ogula okonzeka kale. Mu 2024 anati ndi magetsi, amene chaka chimenecho cha chilala ankabwera maola ochepa, nthawi yosadziwika. Ankakhala m'shedi kudikira babu liyake, akusalaza thabwa losalala kale.

Loweruka pa 25 Meyi 2024 unali ukwati wa Valerie, chitsiriza cha a Saul, pabwalo la nyumba yawo ku Chelstone. Panali tenti yoyera ndi jenereta kuseri kwa khitchini. Eni ukwati analandira a Mfaume ngati kholo. Anawauza kuti nkhuku ya m'mbale yawo inachinjidwa ndi Msilamu, ndipo anawakhazika kutsogolo, pafupi ndi zoimbira, kuti amveko kanthu.

Mabokosiwo anawazindikira ndi ngodya zake, poti palibe wina ku Lusaka ankalumikiza matabwa motero. Koma mabowo sanali awo. Anali aakulu ngati mbale, odulidwa mokhota, m'mphepete mopakidwa utoto wakuda wobisa zipsera za sowo. Pamene amalume a mkwati ankalankhula, a Mfaume anadzuka ngati akuwongola miyendo, napisa dzanja m'bowo limodzi. Paipi inali ya mainchi asanu ndi limodzi, ndipo inathera pa mfundo ya dzanja lawo. Anabwerera pampando.

Operekeza akwati atayamba kulowa movina, Given anakweza nyimbo. A Mfaume sanayang'ane ovinawo. Anayang'ana pepala la sipika kuseri kwa waya wotchinga, likukupiza ngati chitenje pa chingwe tsiku la mphepo. Anadziwa chimene chikubwera, ndipo analibe chochita. Fungo la waya wopsa linawafika nyimbo isanathe. Bokosi limodzi linakhala chete, linzake linatsatira. Ovina anaima mwendo uli m'mwamba. Kenaka azakhali ena anayambitsa nyimbo ya pakamwa, amayi anagwira zidebe n'kumaziomba, ndipo mkwati analowa akuseka. Ukwati unatha bwino. A Mfaume anadya nkhuku yawo, nathokoza, nakwera minibasi dzuwa likadalipo.

Lolemba m'mawa a Saul anafika ku Kabwata akutsimphina ndi ndodo yawo. Anakhala pa benchi, chipewa pa bondo. Kuti amvane anayenera kukweza mawu, kotero kuti mayi wa nyumba yoyandikana anamva zonse akuyanika zovala.

"Anaboola ndani?" anafunsa a Mfaume.

"Given. Na sowo ya mulamu wake."

"Chifukwa?"

"Yenze kufwenkha, ba Mfaume. Besi ikagunda, fuu, fuu, monga munthu apompa njinga. Pa ukwati woyamba bantu benze kuseka."

"Ndinamufunsa. Anaima apa, pamene pali ndodo yanupo."

"Anabwela kuniuza tsiku lamene lija. Nine ninamuuza ati usakambe."

"Inu."

"Manje tikanakamba bwanji? Dothi pamanda ya ba mulamu yenze ikalibe kuuma. Mwana angauze mukulu wofedwa ati nchito yanu yaonongeka? Tinati tizakonza chabe kumbali, mudala asamve nsoni."

A Mfaume anatola kachidutswa ka paipi pansi, nakatembenuza m'manja.

"Ndi anu okha?"

A Saul anayang'ana chipewa chawo. "Ba pasita ba ku Kaunda Square naonso banakulitsa. Na uja wa mabasi. Bonse bamene munapangila kuchokela pa malilo."

"Ndipo masipika akapsa amati chiyani?"

"Bakamba ati mabokosi ya ba Mfaume yamadya masipika."

Babu la m'shedi linayaka, magetsi atabwera, ndipo palibe anadzuka.

"Amake Alia anandinyoza zaka khumi," anatero a Mfaume, "dzina langa n'kumakula. Inu mwandilemekeza zaka ziwiri."

"Tenze kufuna zabwino."

"Ndikudziwa. Muuzeni Given abweretse mabokosiwo. Ndipo kuyambira lero, ndikafunsa, munthu anene chimene wamva. Mukamuuze mawu amenewa."

"Ine musaniyembekezele," anatero a Saul, akugogoda khutu lawo ndi chala. "Muno muli chabe nyenje. Zaka zonse zija kuimilila pafupi na mabokosi yanu."

"Mwati chiyani?"

"Nati naine ndine gonthi."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwa anthu otopa.

Juni ndi Julayi yense a Mfaume anali pa mabokosi awiriwo, Given atagula masipika ena m'malo mwa opsa aja. Anachotsa matabwa akutsogolo, nadula atsopano. Anawonjezera msana, osasamala za galimoto ya Given. Bokosi lililonse analikonzera mapaipi awiri a mainchi anayi, opinda ndi zigongono, milomo yake yosalazidwa ndi sandipepa. Magetsi akabwera ankasiya chilichonse, ngakhale tiyi, n'kuthamangira ku mpunga. Mawondo ankawawa, utuchi unkawatsokomoletsa, ndipo masana ena ankapezeka atagona tulo chokhala, sowo ili pamiyendo.

Koma funso limene linkawasowetsa mtendere silinali la mabokosi awiriwo. Mawa kudzabwera sipika ina, ya mphamvu ina, ndipo padzafunika munthu wonena kuti likupuma. Tsono tsiku loyesa lisanafike anachita chinthu chimene sanauze aliyense. M'bokosi limodzi anatseka bowo lachiwiri ndi thabwa, ndipo m'loyambalo analowetsa kapaipi ka mainchi awiri, kamene ngakhale mu 1987 sakanaika pa sipika yotere. Kanayenera kulira mluzu womveka mpaka kumsewu.

Anabwera Lamlungu masana, atatuluka kutchalitchi: a Saul, Given, ndi Valerie ndi mwamuna wake watsopano. Given anabweretsa jenereta. A Mfaume anawaimika kutsogolo kwa bokosilo, nakweza nyimbo. Anaika dzanja pa kapaipiko, ndipo mphepo inawabaya pachikhatho ngati msomali. Anaona mwamuna wa Valerie akutsinzina diso limodzi. Anaona mwana wa nyumba yoyandikana, pampanda, atatseka makutu. Anatsitsa nyimbo.

"Given. Bambo ako anakuuza mawu anga?"

"Bananiuza, ba ankolo."

"Nena tsono."

Given anayang'ana bambo ake. A Saul anayang'ana mtengo wa mapeyala. Given anayang'ananso mutu wa imvi wa a Mfaume, ndi zala zawo zomatidwa pulasitala, ndi matabwa atsopano osalala amene munthu wokalambayo anavutika nawo miyezi iwiri.

"Yasintha maningi, ba ankolo. Ili bwino. Kapena pang'ono chabe, kamphepo. Koma ni pang'ono. Pa ukwati sibangamve."

"Valerie?"

"Mwagwila nchito, ba ankolo. Mulungu akudalitseni."

A Mfaume anagwedeza mutu. Sanakwiye. Anawadziwa ana awa kuyambira ali kumsana, ndipo anadziwa kuti analeredwa bwino. Anatenga sikuludiraiva, nachotsa thabwa lotseka lija, nasolola kapaipi kaja n'kukaponya pa mulu wa utuchi. Given atakaona, nkhope yake inagwa, ndipo anatsegula pakamwa kuti alankhule.

"Usavutike, mwanangu," anatero a Mfaume.

Analowetsa mapaipi aakulu awiri aja, napaka guluu, namanga zomangira zonse chimodzichimodzi, alendo akuyang'ana. Sanakwezenso nyimbo, ndipo sanafunsenso munthu.

"Guluu aume mpaka mawa. Mukanyamule ndi lole, m'galimoto yako salowa. Ndipo sowo ya mlamu wako isayandikire."

Madzulo ake, asanapite kukaswali, analembera Alia uthenga pa foni, wa mawu ochepa, kuti akonze chipinda chija. Zipangizo anapatsa a Mubarak, kalipentala wa kumzikiti kwawo, amene amapanga zitseko ndi mipando basi. Mapaipi otsala anatenga pulambala. Nyumba analowamo mdzukulu wa mchemwali wawo. Mabokosi a Given akuti akuimbabe pa maukwati ku Chelstone, ndipo amene amawamva amati amamveka bwino, koma zimenezo a Mfaume analibenso njira yozidziwira.

A Saul anawaperekeza kokwerera mabasi akutali m'tauni, atawanyamulira kachikwama kamodzi pa ziwirizo. Pakhomo la basi a Saul ananena mawu ambiri, akugwedeza ndodo, ndipo a Mfaume anavomera ndi mutu pamene panaoneka poyenera. Anakhala pawindo, kumbali ya dzuwa, chifukwa kunali kukuzizirabe. Basi ya ku Chipata inanyamuka m'mawa wa Loweruka, pa 17 Ogasiti 2024.